Wawera, Madamu

Chiputula, Mzuzu
3 Meyi 2023

Achemwali a Thoko,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi ndi alamu anga a Joel. Ine ndilipo. Nyumba ndinaipeza ku Chiputula, chipinda chimodzi ndi pabalaza, ndipo kusukulu ndimayenda wapansi. Kalatayi ndapatsira a Fyson, aja amabweretsa nyemba kumsika wa kuno. Akuti amadutsa pa Malomo pakatha masabata awiri alionse, ndiye yankho muziwapatsira iwowo. Musavutike n'kundiimbira. Dzina lanu likaoneka pafoni manja anga amakana. Foni yomaliza imene ndinakuyankhani ndi ija ya mu Malichi chaka chatha, ndili ku Mchinji, pamene munandiuza kuti mwana wanga kulibe.

Andipatsa Sitandade 1. Ana alipo 146, ndipo mnzanga amene timayenera kugawana anawa ali patchuthi cha uchembere. Kunyumba kwawo amayankhula Chitumbuka, ine ndimawaphunzitsa m'Chichewa, ndiye timangoyang'anana. Ndikalemba "a" pabolodi amakuwa "a", ndikafufuta nazonso m'mutu zafufutika. Sabata yonse yathayi sindinaphulepo kanthu.

Chimene ndikulembera ndi ichi. Mu sutikesi ija ili kuchipinda kwa amayi muli mabuku a zithunzi asanu ndi awiri a Mwaiwathu, aja ndinagula pakaunjika n'kumata timapepala ta Chichewa pamwamba pa Chingerezi. Munditumizire. Mwana ngakhale asamve mawu anga, chithunzi achiona. Zovala zake musazikhudze. Ndikufuna mabuku okha.

Ndine,
Esme


Malomo, Ntchisi
14 Meyi 2023

Amake Mwai, mng'ono wanga,

Moni wochuluka kuchokera kwa ife tonse. Kalata yako ndinawawerengera amayi katatu, ndipo kachitatuko ndinachita kuwonjezera ndekha moni amene iwe sunalembe. Kodi ku Mzuzuko amalipiritsa mawu? Tiuzeko za kumeneko. Akuti kumazizira mpaka mano kuguguda, ndipo iwe juzi yako yabwino unaisiya kuno.

Amayi miyendo ikuvutabe, koma kumunda sitingawaletse. Soya tamenya. Alamu ako anagwa panjinga akuthawa galu wa aneba, pano akuyenda motsimphina koma pakamwa pokha m'pabwinobwino.

Mabuku ndi awo. Sizinali zophweka. Amayi anakhala pasutikesipo n'kunena kuti za mwanayo sizituluka m'nyumba chiliza chisanamangidwe. Ndinawauza kuti ndi ntchito ya boma, akakaniza akayankha okha kwa akuluakulu. Anatsegula, n'kutenga buku lija la ambulera yofiira, n'kulinunkhiza nthawi yaitali. Patsamba lomaliza pakadali chidindo cha chala cha Mwai, cha madzi a mango aja. Ine ndinatuluka panja.

Koma mumtima ndasangalala, Esme. Ndati ngati wayamba kufuna zinthu za Mwai, ndiye kuti mtima wayamba kutsika. Tamvera tsono. Chiliza tikumanga Loweruka pa 12 Ogasiti, sukulu mutatsekera. A Joel njerwa aumba kale. Mawu olemba pamwalapo tikudikira iwe, palibe wina angasankhe. Chichokereni tsiku lachitatu la maliro sunapondenso kuno, ndipo anthu kutchalitchi atopa n'kundifunsa. Ubwere. Ngakhale usandiyankhule ine, ubwerere amayi.

Mkulu wako,
Thokozani


Chiputula, Mzuzu
2 Juni 2023

Achemwali,

Mabuku afika, zikomo. Amayi muwapatse moni, uyu ndalemba ndekha. Chinthu chimodzi: musanditchulenso amake Mwai. Dzina langa ndi Esme. Ndipo mtima sunatsike. Mabukuwa ndawaitanitsa chifukwa cha ntchito basi.

Ntchitoyo akuigwiradi. Ndimanyamula buku m'mwamba n'kumayenda pakati pa timiyendo tawo, n'kufunsa kuti mukuona chiyani. Amayankha m'chilankhulo chawo onse pamodzi, ine ndimawapatsa mawu a Chichewa, kenako timawadula m'maphatikizo pabolodi. Ana amene ankagona tsopano amachita kugwada kuti aone. Ahedi anaima pawindo tsiku lina n'kunena kuti, "Yewo chomene, madamu, kalasi iyi yadzuka."

Limene amalikonda ndi la ambulera lomwelo. Mukulikumbukira: mphepo yalanda kamtsikana ambulera, iko kakuithamangira mumsika, pamlatho, m'munda wa chimanga. Patsamba lomaliza kafika kwawo, mayi ake aima pakhomo atatambasula manja, ndipo pansi pake ndinamata mawu amodzi, "Wabwera." Ndikangotsegula tsambali kalasi yonse imakuwa kuti, "Wawera!" Ndimati ayi, wa-bwe-ra, tsekani milomo, bwe. Iwo, "Wawera!" Lilime la kuno lili ndi vuto ndi "bw". Ndathera masiku atatu pa phatikizo limodzi, choko mpaka m'tsitsi.

Pali kamtsikana kena, Marjorie Longwe. Makolo ake ndi a ku Nkhata Bay koma amakhala ku Chibavi. Kamakhala pakona yakumbuyo pafupi ndi windo, kavala juzi yobiriwira yaikulu yopinda manja. Chiyambireni sindinamvepo mawu ake. Ndikaitana mayina m'rejisitala anzake ndi amene amamuyankhira kuti, "Walipo, madamu." Lero anzake atatuluka anabwera patebulo n'kuika chala chake pa chala cha mango chija. Chinakwana ndendende. Kenako analoza dzina lolembedwa mkati mwa chikuto, n'kundiyang'ana. Ndinati ndi la mwana wanga. Sindinanene zambiri.

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinamupatsa bukulo kuti akaonere kunyumba. Analilowetsa mkati mwa juzi chifukwa kunja kunali kamvula kowaza, ndipo mmene ankatuluka analigwira pamimba ndi manja awiri, monga ankachitira Mwai. Ndinakhala pampando mpaka wotseka makalasi anandiuza kuti ndituluke.

Za Ogasiti sindinaganize.

Esme


Malomo, Ntchisi
18 Juni 2023

Esme,

Moni. Ndamva, ndikutchula dzina lako la ubatizo ngati ndine mlembi wa mpingo. Tonse tili bwino kupatula chifuwa chimene chagwira mudzi wonse.

Za buku lija amayi sindinawauze, ndinadumpha ndime yonseyo powerenga. Iwe, pa mabuku asanu ndi awiri unasowa lina lopatsa mwana wa eni? Lomwelo la chala? Ana a Sitandade 1 amafunda nawo mabuku, amakulungira zitumbuwa. Likatayika, chala chija tikachipezanso kuti? Ulitenge, chonde, ndipo pobwera mu Ogasiti ubwere nalo.

Komanso sindinagwirizane nazo zoti chala chinakwana ndendende. Zala za ana onse n'zofanana, Esme. Usamuyang'ane kwambiri mwana ameneyo. Ali ndi amake. Ndikudziwa unena kuti ine ndilibe pakamwa ponenera za ana, koma ndine mkulu wako ndipo ndinena.

Kodi uli ndi mnzako kumeneko? Umacheza ndi aphunzitsi anzako, kapena ukangoweruka ndiwe wa m'nyumba? Phunzirako chilankhulo chawo, ngakhale cha pamsika. A Fyson akuti anakupatsa moni wa kumeneko, "monire", iwe n'kuwayankha m'Chichewa cha pa wailesi.

Mawu a pamwala aja tikudikirabe. Wolembayo akufuna awalandire Julayi asanathe.

Thokozani


Chiputula, Mzuzu
30 Juni 2023

Achemwali,

Moni nonse. Kuno kwazizira zoopsa. Chifunga chimalowa mpaka m'kalasi, moti a kumbuyo ndimangoona mitu.

Buku silinatayike, musade nkhawa. Marjorie sanabweze koma amabwera nalo tsiku lililonse. Kumuyang'ana kwambiri sindimuyang'ana, simunafunike kundiuza. Chimupatsireni bukulo maso anga amaithawa kona imeneyo, ndipo poyenda ndi mabuku ena ndimabwerera pakati. Koma ndikamalemba pabolodi n'kucheuka, ndimaona kubiriwira kwa juzi pawindo paja ndi kufiira kwa ambulera pamiyendo pake. Amakhala phee, mutu uli pansi. Sajomba. Ndikaitana dzina lake anzake amati, "Wawera, madamu," ndi lilime lawo lija, ine n'kuchonga. Ndimaseka ndekha kuti mawu a m'buku aja awakonda mpaka asiya "walipo" wawo. Lachitatu ndinamva ngati wina akuwerenga motsitsa kumbuyoko, wa-bwe-ra, "bwe" womveka bwino. Nditafunsa kuti ndani, onse anangondiyang'ana.

Chilankhulo chawo ndilibe nacho ntchito. Anandituma kudzaphunzitsa, osati kudzaphunzira.

Mwati ndisayang'ane mwana wa eni. Ine ana 146 ali m'manja mwanga, ndipo ndimadziwa amene alipo ndi amene palibe. Inu ndinakusiyirani mmodzi, teremu imodzi yokha, kuti ndikonze denga la nyumba ku Mchinji. Lachinayi munandiuza pafoni kuti wangotentha thupi pang'ono, akusewera. Loweruka munandiimbiranso. Mwana mmodzi, achemwali, m'nyumba mwanu momwe, ndipo simunamuone.

Chiliza mangani. Pamwalapo lembani zimene mukufuna. Ine sindibwera.

Esme


Malomo, Ntchisi
9 Julayi 2023

Esme,

Kalata yako ndaiwerenga kuseri kwa khola, ndekha. Amayi ndawauza kuti a Fyson sanabweretse kanthu ulendo uno. Galimoto yawo yawonongeka, akuti akudikira chitsulo kuchokera ku Lilongwe, ndiye sindikudziwa kuti iyi ikupeza liti. Ndilembabe.

Chaka ndi miyezi inayi ndakhala ndikudikira kuti unene mawu amenewa. Wanena. Tsopano imva zanga, chifukwa pamaliro sunandilole.

Lachinayi lija sindinakunamize. Ankaseweradi. Anakhala pakhonde ndi buku la ambuleralo akuwerengera nkhuku. Ndinamugwira pamphumi, ndinamva kutentha, ndinamupatsa panado. Lachisanu m'mawa anandiuza kuti, "Amayi aakulu, ndikufuna kugona." Ine ndinali ndi mayunifomu asanu ndi atatu oti ndisoke, ndiye ndinati kagone mwanangu, ndipo ndinathokoza kuti andipatsa mpata. Makina ankalira, ine ndikuimba nyimbo. Kawiri ndinasuzumira pakhomo. Ndinaona bulangete likukwera n'kutsika, ndinati ali bwino. Sindinalowe. Masana nditalowa, maso anali atatembenuka. Pa njinga ya a Joel mpaka kuchipatala ndinamunyamula ine, ndipo Loweruka kusanache bwino anatisiya ali pamiyendo panga.

Mwana anandiuza ndi pakamwa pake. Ine ndinamva "kugona", ndinamva zimene ndinkafuna kumva. Makina aja sindinawatsegulenso. Ali pakona, ndinawaphimba ndi chitenje, ndipo masiku ena masana ndikamasesa ndimamva ngati akulira okha.

Sindikupempha kuti undikhululukire. Ine ndemwe sindinadzikhululukire. Koma mwana wako wagona pansi pa mulu wa dothi umene mvula yaugumula kawiri, ndipo amene amakazula udzu ndine, amene unati sindinamuone. Pa 12 Ogasiti tikamanga. Pamwala tisiya malo opanda mawu.

Thokozani


Chiputula, Mzuzu
23 Julayi 2023

Achemwali anga a Thoko,

Moni kwa inu, kwa amayi ndi kwa alamu. Kalata yanu a Fyson andipatsa dzulo. Ikanafika sabata yatha ndikanaing'amba. Yafika pamene ndingathe kuiwerenga. Iyi amayi muwawerengere yonse, musadumphe ndime.

Lachitatu m'mawa ndinaitana mayina monga mwa masiku onse. Marjorie Longwe. "Wawera, madamu." Ndinachonga. Nthawi yopuma mwana wina anadzandiuza kuti ahedi akundifuna. Mu ofesi munali bambo wina wamtali, utuchi uli m'makutu, chipewa chili m'manja. Anaimirira.

"Monire, madamu. Ine ndine Overtoun Longwe, dada wake wa Marjorie. Ndimapala matabwa ku Chibavi."

Ndinati mwachita bwino kubwera, mwana wanu ndi wofatsa, ali m'kalasimo, ndimuitane? Bamboyo anayang'ana ahedi. Ahedi anayang'ana ine, n'kunena kuti ndikhale pansi.

Marjorie anayamba kutsokomola sabata yotsatira nditamupatsa buku. Pa 10 Juni amake anapita naye kumudzi, ku Mpamba, poganiza kuti kumeneko n'kofunda ndipo chifuwa chitha. Sichinathe, chinali chibayo. Anamwalira pa 27 Juni ndipo anamuika komweko. Bamboyo anati, "Timayesa ndi kachifuwa waka, madamu. Timamuona akusewera."

Ndinati sizingatheke. Ndinathamanga kukatenga rejisitala n'kuwaonetsa mzere wake, wodzaza, wopanda mpata ngakhale umodzi. Ndinati anzake amandiuza tsiku lililonse kuti wabwera. Ahedi anafunsa kuti amanena bwanji kwenikweni. Nditawauza anagwira pakamwa.

"Madamu, kuwera si kubwera. Kuwera ndi kubwerera kwanu. Anawo amakuuzani kuti wapita kumudzi."

Masiku 27, achemwali. Ndawerenga ndi chala. Ana zana ndi makumi anayi ankandiuza m'mawa uliwonse kuti mnzathu palibe, wapita kwawo, ine n'kumaseka lilime lawo n'kumachonga. Pa masiku amenewo, khumi ndi asanu mwanayo anali kale m'manda. Ku Chibavi n'kosatha mphindi makumi awiri pa njinga. Ndikanamva tsiku loyamba lija ndikanapita kukafunsa, ndikanawauza kuti chifuwa cha mwana mu Juni sasewera nacho, abwere naye kuchipatala. Ine amene ndikudziwa. Ngakhale patsamba lomaliza lija anawo sankalakwa. Iwo ankaona mwana wabwerera kwawo. Ine ndinkangoona mayi waima pakhomo.

Ndinafunsa za juzi yobiriwira. Bamboyo anati anamuika nayo, poti ankaikonda. Ahedi akuti ana a juzi zobiriwira ndi ambiri ndipo chifunga chimanamiza maso. Mwina. Koma bukulo a Longwe analitulutsa m'jekete mwawo, lokulungidwa mu pepala la shuga, ndipo akuti chichokereni pa 10 Juni silinatuluke ku Mpamba mpaka iwo atalitenga sabata yatha. Nanga kufiira kuja ndinkakuona pamiyendo pa ndani? Nditabwerera m'kalasi ndinapita pakona ija koyamba. Anawo anali atasiya kampata, kokwana mwana mmodzi. Palibe ankakhalapo.

Bamboyo anati Marjorie ali chigonere ankatsegula bukulo n'kumafotokozera amake zithunzi. Tsiku lina anaika chala pansi pa mawu omaliza aja n'kuwerenga yekha, pang'onopang'ono, atatseka milomo: wa-bwe-ra. Akuti ndi mawu oyamba amene mwana wawo anawerenga, ndipo anabwera kudzathokoza. Ndinafunsa tsiku lake. Sakukumbukira, ndipo sindinakakamize.

Kenako anandipatsa bukulo ndi manja awiri.

"Anatiuza kuti tisaiwale kubweza, ndi la mwana wa madamu, alifuna. Mumupepesere mwana wanuyo kuti tachedwa nalo. Ali bwanji?"

Chichokereni kwathu palibe munthu kuno amene ndinamuuza za imfa ya Mwai. Mawu amene anatuluka si a kwathu. Ndinati, "Nayenso wawera." Bamboyo anamva. Anakhala pansi, ndipo tinalira tonse awiri mu ofesi ya ahedi, ana akusuzumira pawindo.

Achemwali, inu munasuzumira kawiri. Ine ndinasuzumira masiku 27. Ndinakulemberani kuti ndimadziwa amene alipo ndi amene palibe, ndipo tsiku limene ndinkalemba mawu amenewo mwana wa eni anali atagona m'dothi masiku atatu, ine nditamuchonga m'mawa womwewo. Ndili ndi manyazi ndipo ndili ndi mantha. Kalata ija muiotche. Makina aja muwavundukule, ndibwera ndi nsalu yoti mundisokere yovala pa tsikulo.

Rejisitala ahedi akuti ndikonze. Ndafufuta masiku onse kupatula Lachitatu lija ndinamva mawu kumbuyo. Dzanja likukana, ndipo ahedi anangotseka rejisitalayo. Mabuku asanu ndi limodzi atsala kuno, anawo akuwafuna, ndipo ndauza mtsikana wina wolongolola kuti azindiphunzitsa mawu awo atatu tsiku lililonse. La ambulera ndibwera nalo. Patsamba lomaliza pali zala ziwiri tsopano, china cha mango, china cha dothi lofiira, ndipo amayi adzaone okha ngati zikusiyana.

Wolemba pamwala mumuuze asasiye malo. Alembe dzina, masiku ake, ndipo pansi pake mawu amodzi aja ndinamata ndekha m'buku. Ndikufuna ndikhulupirire kuti kumene anapitako kunali wina pakhomo.

Tikatsekera sukulu ndikwera ya a Fyson. Mukamva foni ikulira, ndine, muyankhe. Inu mudzati ndabwera. Kuno adzati ndawera.

Mng'ono wanu,
Amake Mwai